Khutu la Kumanja

Ndinasenda mwala ndi tepi
Lachiwiri lina chipale chikuwaza milatho ya Odra.
Kumata, kumatula, kumata, kumatula,
mpaka fosifolasi wakuda uja anapyapyala,
n'kutsala kachibenthu ka maatomu osanjikizana katatu kokha,
koti ukayetsemula pafupi, thukuta la sabata lapita.
Ndinakatsekera m'kabokosi kopopedwa mpweya
chifukwa mpweya umene ife timapuma
ndi umene umakapha.

Masabata atatu sikanandiyankhe.
M'chipinda chapansi chopanda zenera
ndinkakalasa ndi kuwala kwa leza,
pakompyuta mzere uli chigonere, phee,
ngati wa wodwala amene madokotala amuvulira magolovesi.
Ndinasintha mawaya. Ndinapukuta magalasi.
Ndinatukwana makina osalakwa.
Pulofesa Wrzosek ndinawalembera kuti chipangizo chafa,
iwo anabweza mawu awiri: yesanso mawa.

Ziemowit, wokonza zida,
amene matumba ake amanunkha girisi ndi nkhaka zowawasa,
anangolowa kudzafuna sipanala yake.
Anasuzumira, jekete osavula,
nagwira kagudumu ka galasi losefa kuwala,
napotoza kotala ya bwalo.
Mzere uja dzambatu! Phiri.
Anapotozanso: chigwa.
«Halszka, kamamva bwinobwino aka,
koma mbali imodzi.»
Sipanala m'thumba, ulendo.

Usiku umenewo ndinazungulira nako, madigiri khumi khumi.
Maatomu ake sanayalidwe see ngati pepala,
ali ndi makwinya ngati lata la padenga la garaja.
Kuwala kogwedezeka mopingasa makwinyawo kamakumeza,
kenako n'kuyankha ndi kuwala kwakekwake.
Kotsata ngalande kumangopyola,
mlendo wodutsa pakhomo posalonjeredwa.
Madontho anga papepala anajambula mtedza wa maso awiri,
wonenepa uku ndi uko, m'chiuno muli nyaa.
Zonsezi zili m'mabuku. Ndinakhoza nazo mayeso.
Ndinakaika chopendeka ndine, n'kuiwala.

Bambo anga anakhoma mabogi a sitima zaka makumi atatu.
Nyundo zinawadya khutu lamanzere.
Si chinsinsi, m'banja tonse timadziwa,
n'chifukwa chake amayi ankakhala kudzanja lawo lamanja,
patebulo, m'tchalitchi, ngakhale m'tiramu.
Amayi atatisiya mpando unatsala wokankhidwira mkati,
juzi yawo yobiriwira ikadali pamsana pake.
Ine Lamulungu lililonse ndinkakhala malo anga apaubwana,
kumanzere, pafupi ndi firiji,
n'kumawauza za lendi, za mnyamata amene anandisiya,
za mzere wokana kudzuka,
iwo maso ali mu supu, mutu kugwedeza pamalo olakwika.
Ndinkati ndi ukalamba. Ndinkati ndi chisoni.
Masiku ena pobwerera ndinkati sandifuna.
Zaka ziwiri.
Koma mpando wa amayi, angaukhale ndani?

Lamulungu limenelo ndinagula buledi wofunda pamsika,
ndinakwera masitepe makumi asanu ndi awiri aja,
ndinachotsa juzi, n'kuipinda, n'kuifungatira pamiyendo.
Mpandowo unalira pokoka.
Bambo anasiya sipuni m'mwamba.
Ndinali nditakonza mawu ambiri m'tiramu,
koma amene anatuluka ndi akuti,
«Bambo, supu yachepa mchere.»

Anandiyang'ana nthawi yaitali.
«Ukukuwiranji?» anatero.
«Uli pakabati. Amayi ako ankaubisa kuseri kwa ufa,
ati dokotala anakaniza.»
Tinakhala mpaka magetsi a mumsewu atayaka.
Anandifunsa dzina la mnyamata uja.

Lolemba ndinapeza pampu itazima,
mpweya utalowa m'kabokosi Loweruka usiku.
Pa maikulosikopu kachibenthu kanga kanali thukuta lokhalokha,
timadontho tikukadya kuyambira m'mphepete.
Ndinakapotoza mbali zonse, osayankha.

Ziemowit anabweretsa tepi yatsopano, sananene kanthu.
Panja chipale chinali chitasanduka matope.
Ndinavala magolovesi.
Kumata, kumatula.
Ulendo uno pakona pa galasi ndalembapo kamuvi ndi inki yofiira.